Nkhanza zovala nkhope ya chikondi pafoni

Makolo anzanga a ku Mutorashanga, mwana akamawerenga nkhani zazithunzi pafoni, musamangoti ndi makatuni. Mu 2016, wojambula wa ku South Korea, Koogi, anayamba kutulutsa nkhani yazithunzi yotchedwa Killing Stalking pa Lezhin Comics. M'nkhaniyi, Yoon Bum, mnyamata wokula mozunzidwa, amalowa mozemba m'nyumba ya Oh Sangwoo yemwe amamusirira, n'kupeza kuti mnzakeyo amapha anthu. Sangwoo amamuthyola miyendo, kenako n'kumamudyetsa mwachifundo. Chimene chimandiwawa n'chakuti owerenga ena amati chimenecho n'chikondi. Ayi ndithu. Nkhaniyi ndi ya akuluakulu, ndipo imaonetsa mmene wozunzidwa amakakamirira womuzunza, zimene timaziona ngakhale m'makomboni mwathu. Afunseni ana anu zimene akuwerenga, mukambirane nawo.