Kodi mumadziwa? Kuzizira koposa kwa pa Sapitwa

Kodi mumadziwa kuti kuzizira kuli ndi malire? Pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje ya mamita 3,002, usiku wa mu Juni madzi amatha kuundana. Amenewo ndi madigiri 0. Malire enieni ali madigiri 273.15 pansi pake, ndipo palibe chingatsike kuposa pamenepo.

Kodi mumadziwa kuti tizidutswa ta mpweya umene mukupumawu tikuthamanga pafupifupi mamita 500 pa sekondi? Tikamazizira, liwiroli limachepa. Mu Juni 1995, ku Boulder ku America, Eric Cornell ndi Carl Wieman anaziziritsa maatomu a rubidium pafupifupi 2,000 mpaka anayamba kukwawa ngati nyerere, onse n'kumachita zinthu ngati chinthu chimodzi. Einstein anali ataneneratu zimenezi mu 1925, potsatira ntchito ya Satyendra Nath Bose wa ku India.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti chinsinsi cha kuziziritsaku chili m'kapu ya tiyi wathu wa ku Mulanje. Mukauzira, tizidutswa totentha kwambiri timathawa ngati nthunzi. Totsalato timawombana, n'kugawana mphamvu imene yatsala, tiyi n'kuzizira. Asayansi amachita zomwezo: amatchera maatomu mu msampha wa maginito, n'kulola aliwiro kwambiri kuti atuluke. Otsalawo akapanda kuwombana, njirayi yafa.

Nanga akawombana amalowera kuti? Pozizira chonchi atomu imakhala ngati funde, ndipo maatomu awiri akagundana amamwazikana mofanana mbali zonse. Mu 2004, pa yunivesite ya Otago ku New Zealand, asayansi anawombanitsa timitambo tiwiri ta maatomu a rubidium n'kujambula. Pa liwiro lochepa panaoneka chinthu chobulungira ngati mpira. Atawonjezera liwiro, chinasintha maonekedwe.

Maatomu ena amakana n'kugundana komwe. Maatomu a potassium-40 ofanana ndendende amazembana, moti mu 1999 Deborah Jin anachita kuwasakaniza m'magulu awiri osiyana pang'ono kuti awombane, azizire.

Kodi mumadziwanso kuti mphamvu ya kuwombanaku amatha kuikweza kapena kuitsitsa ndi maginito, ngati voliyumu ya wailesi? Gulu la Wolfgang Ketterle linaonetsa zimenezi mu 1998. Ku Boulder anasintha maginito kuti maatomu a rubidium-85 asiye kukankhana, ayambe kukokana. Kamtambo ka maatomuwo kanafinyika, kenako n'kuphulika, ndipo anakatcha bosenova.