Mafuta a M'magazi Sayimba Ng'oma

Pa tchuthi chapitachi ndidapeza amalume anga ali gone pamphasa kwathu ku Mvera, mkono ndi mwendo wakumanja zitafa. Awa pamsika ankawatcha "bwana" kaamba ka mimba yawo, ndipo tsiku silinkapita osaima pachiwaya kudya kanyenya wa nkhumba. Kumudzi ena adali atayamba kale kulozana zala kuti alodzedwa. Koma kuchipatala adati ndi sitiroko, ndipo m'magazi mwawo mudapezeka mafuta ochuluka otchedwa kolesitero. Ndidafunsafunsa za mafutawa, tsono ndati ndikugawireni zomwe ndidamva.

Thupi limafuna kolesitero pang'ono, ndipo chiwindi chathu chimapanga chokha. Alipo wa mitundu iwiri. Wotchedwa HDL ndi wabwino poti amatola mafuta otsala n'kuwabwezera kuchiwindi. Wotchedwa LDL akachuluka amamatirira m'kati mwa mitsempha ya magazi ngati dzimbiri m'paipi ya mjigo. Njira ya magazi imanka nichepa, mpaka tsiku lina magazi amaundana n'kutsekeratu. Ukatsekeka mtsempha wodyetsa mtima, mtima umavulala ndipo munthu akhoza kufa mwadzidzidzi. Ukatsekeka wopita ku ubongo, ziwalo zimafa monga zidachitira kwa amalume.

Choopsa n'chakuti mafutawa sapweteka. Paja chakudza sichiyimba ng'oma. Ngakhale munthu woonda akhoza kukhala nawo, makamaka ngati ndi zakumtundu. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti mwa Amalawi atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. BP ikakumana ndi kolesitero, shuga kapena fodya, ngozi imakula.

Nanga tichitenji? Tichepetse nyama yonona, majarini ndi tchipisi chokazingira mafuta obwerezabwereza. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi. Ndiwo zomwe ife anyamata timanyinyirika nazo kuchipinda chodyera ndizo zoteteza: nyemba, nkhwani wotendera, bonongwe, usipa wa ku Salima, ndi nsima ya mgaiwa. Akuluakulu agwiritse ntchito thupi mphindi 150 pa sabata, kaya n'kuyenda ndawala, kupalasa njinga kapena kulima. Fodya wa kwathu ku Dowa kuno, ngakhale amatilipirira fizi, tisamusute.

Makolo athu ndi abambo ansembe, chonde pitani mukayezetse BP, ndipo mukafunsenso za kolesitero ndi shuga. Akakupatsani mankhwala, musasiye kumwa poona kuti mwapeza bwino, chifukwa ntchito yake n'kuteteza. Amalume tsopano akuphunziranso kugwira supuni ndi dzanja lamanzere. Ndisanabwerere kusukulu ndidaperekeza amayi anga kukayezetsa, pakuti iwo ndi amalume ndi a bere limodzi.