Matayala Akuluakulu pa Pikapu: Zimene Zitunda za ku Honde ndi ku Chipinge Zimaphunzitsa

M'nyengo ya dzinja si chachilendo m'chigwa cha Honde, kum'mawa kwa dziko la Zimbabwe, kupeza pikapu itaima pakati pa chitunda, kumbuyo itadzaza matumba a masamba a tiyi othyoledwa m'mawa womwewo. Injini ikulira, fungo la klatchi yopserera lili ponseponse, koma galimoto siyikusuntha. Anthu amatsika n'kuika miyala kumatayala kuti isabwerere m'mbuyo. Chodabwitsa n'chakuti nthawi zina galimoto yotereyi ndi imene imaoneka yamphamvu kuposa zinzake, chifukwa mwini wake anaiveka matayala akuluakulu a mano akuthwa.

Kwa mlimi wa tiyi, kuchedwa koteroko n'kutaya ndalama. Masamba aawisi akapanikizana m'matumba kwa maola ambiri amatentha ndi kuyamba kufiira, ndipo akafika kufakitale amagulidwa pamtengo wotsika kapena kukanidwa kumene.

Dera la mapiri ndi mvula

Chigwa cha Honde chili m'boma la Mutasa, m'chigawo cha Manicaland, m'munsi mwa phiri la Nyangani lomwe ndi lalitali mamita 2,592, lalitali koposa onse m'Zimbabwe. Kumeneko kuli minda ya tiyi ya Eastern Highlands Plantations, komanso alimi ang'onoang'ono a tiyi, nthochi ndi mapeyala omwe amagulitsa zokolola zawo pa Hauna, ku Mutare ndi ku Mbare mumzinda wa Harare. Kum'mwera kwa chigawo chomwecho kuli Chipinge, kumene ulimi wa tiyi unayambira pa esiteti ya New Year's Gift mu 1924. Kumeneko kuli minda ya Tanganda monga Ratelshoek, Jersey ndi Zona, ndiponso ya Southdown ndi Clearwater. Ena mwa mabanja a m'maesiteti amenewa ndi ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique omwe anadzafuna ntchito kalekale.

Madera onse awiriwa amalandira mvula yambiri. Misewu yafumbi yopita kuminda ndi yotsetsereka, dothi lake ndi katondo woterera, ndipo madzi amakumba ngalande zakuya pakati pa msewu. Namondwe wa Idai, yemwe anagwa mu Marichi 2019, anawononga misewu ndi milatho yambiri ku Chimanimani ndi ku Chipinge. N'zomveka tsono kuti mwini pikapu amafuna kuikweza kuti mimba yake isamakhule pansi, ndipo njira imene ambiri amathamangira ndi kugula matayala aatali. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope: tayala lalitali limabwera ndi mavuto akenso.

Chimene chimachitika kunsi kwa galimoto

Mphamvu ya injini imadutsa m'giyabokosi, n'kupita kudifu, kenako n'kufika kumatayala. Opanga galimoto amasankha mano a m'difu molingana ndi msinkhu wa tayala limene galimotoyo inatuluka nalo kufakitale. Difu ya 4.30, mwachitsanzo, imatanthauza kuti chitsulo chochokera kugiyabokosi chimazungulira ka 4.3 kuti tayala lizungulire kamodzi.

Mapikapu ambiri akale a mtundu wa Toyota Hilux ankatuluka ndi matayala a 205R16, omwe msinkhu wake ndi pafupifupi mainchesi 29. Munthu akachotsa amenewa n'kuikapo a mainchesi 33, tayala lakula ndi magawo 14 pa 100 aliwonse. Galimoto imakwera m'mwamba ndi theka lokha la kusiyanako, ndiye kuti mainchesi 2, kapena masentimita 5. Posinthana ndi masentimita 5 amenewo, mphamvu yokankhira galimoto pansi imachepa ndi magawo pafupifupi 12 pa 100 m'giya iliyonse. Injini imene inkazungulira ka 2,000 pa mphindi imodzi tsopano imazungulira ka 1,760 paliwiro lomwelo ndi m'giya yomweyo.

Wopalasa njinga yokhala ndi magiya amazidziwa bwino zimenezi. Giya yolimba imathamanga pamalo athyathyathya, koma pachitunda, thumba la chimanga lili pakaliyala, miyendo imakanika. Tayala lalikulu limalimbitsa magiya onse a pikapu mofananamo, kuphatikizapo giya yoyamba, imene ndi yonyamukira ndi katundu.

Klatchi ndi mabuleki ndizo zimalipira

Giya yoyamba ikalimba, dalaivala amakakamizika kupatsa moto wambiri ndi kusiya klatchi pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali kuti injini isazime. Nthawi yonseyo mbale ya klatchi imakhala ikukhulana ndi chitsulo cha injini, ndipo imatentha ndi kuperepeseka. Pikapu yosonkhanitsa masamba imaima ndi kunyamuka kambirimbiri patsiku, kawirikawiri pamalo okwera, motero klatchi imatha nthawi yake isanakwane. Kuikonza kumafuna kutsitsa giyabokosi yonse, ndipo galimoto imagona kugaraja pamene tiyi akupitiriza kuphuka kumunda.

Choopsa kwambiri chili pamtsetse. Msewu wolowera m'chigwa cha Honde kuchokera pamsewu waukulu wa Mutare ndi Nyanga ndi watala, koma ndi wokhotakhota ndipo umatsetsereka kwa mtunda wautali. Tayala lalikulu ndi lolemera, ndipo mabuleki a kufakitale amavutika kuliimitsa. Nayo injini siigwira galimoto mwamphamvu ngati kale pamene dalaivala wachotsa phazi pamoto. Woyendetsa akamadalira buleki yokha, zitsulo zimatentha, mafuta a mabuleki amatha kuwira, ndipo phazi limangolowa pansi popanda kugwira. Popeza pikapu za kumidzi zimanyamulanso anthu pamwamba pa katundu, ngozi yotere imakhudza mabanja ambiri nthawi imodzi.

Palinso chinyengo cha sipidomita, yomwe imawerenga kuzungulira kwa zitsulo osati kutalika kwa msewu. Ndi matayala a mainchesi 33 m'malo mwa 29, ikamaonetsa 60 galimoto ikuthamanga makilomita 68 pa ola, ndipo ikamaonetsa 80 ikuthamanga 91. Nawo makilomita olembedwa amachepa: pamene chipangizo chalemba 5,000, galimoto yayenda 5,700. Magulu a alimi ndi ogwira ntchito zachitukuko omwe amasintha oyilo kapena kuwerengera dizilo potsata makilomita ayenera kukumbukira kusiyana kumeneku.

Kuyendetsa galimoto imene yasinthidwa kale

Dalaivala amene wapatsidwa pikapu yotere angathe kuchepetsa mavuto. Choyamba ndi kusankha giya asanayambe chitunda, osati pakati pake. Pamene kale ankakwera ndi giya yachitatu, tsopano akwere ndi yachiwiri, injini ikuzungulira momasuka. Kuikakamiza kukoka ili m'giya yapamwamba kumaitenthetsa, kumatulutsa utsi wakuda ndipo sikupulumutsa dizilo.

Chachiwiri, pamsewu wafumbi kapena wamatope, galimoto yokoka ndi matayala onse anayi ili ndi giya yaing'ono yolembedwa 4L kapena L4. Kunyamuka ndi giya imeneyi pachitunda kumalola dalaivala kusiya klatchi msanga, galimoto n'kumakwawa yokha. M'magalimoto ambiri oterewa giyayi imalowetsedwa galimoto itaima, ndipo siyenera kugwiritsidwa ntchito patala wouma, chifukwa matayala akutsogolo ndi akumbuyo amalimbana pokhota mpaka kuwononga zitsulo.

Chachitatu, galimoto ikaima pokwera igwidwe ndi handibuleki, osati ndi klatchi. Chachinayi, potsetsereka dalaivala alowe giya imene akanakwerera chitunda chomwecho, kapena yotsikirapo, ndipo aziponda buleki mwa apo ndi apo kuti izizizira. Chizolowezi chochotsa giya pamtsetse pofuna kupulumutsa mafuta chimasiya ntchito yonse m'manja mwa mabuleki omwe afooka kale. Pomaliza, katundu achepetsedweko. Maulendo awiri ofika bwino amaposa umodzi wothera pakati pa phiri.

Asanagule matayala

Mankhwala enieni a vutoli ndi kusintha mano a m'difu kuti agwirizane ndi tayala latsopano. Masamu ake ndi osavuta: nambala ya difu ichulukitsidwe ndi msinkhu wa tayala latsopano, kenako igawidwe ndi msinkhu wa lakale. Difu ya 4.30 yokhala ndi tayala la mainchesi 33 m'malo mwa 29 imafuna mano apafupi ndi 4.88. Pagalimoto yokoka ndi matayala anayi, difu yakutsogolo ndi yakumbuyo ziyenera kusinthidwa zonse ndipo zifanane. Ntchitoyi ndi yodula ndipo imafuna makaniko wodziwa kutchera mano, apo ayi difu imalira ndi kutha msanga.

Kwa alimi ambiri njira yotsika mtengo ndi kusakulitsa tayala kwambiri. Kuchoka pa mainchesi 29 kupita pa 31 kumachepetsa mphamvu ndi magawo pafupifupi 6 pa 100, zomwe injini ya dizilo imatha kupirira. Komanso pakatondo wonyowa amene pansi pake pali polimba, tayala lopyapyala la mano akuya limaboola matope n'kugwira pansi, pamene lotambalala limakonda kutsetsereka pamwamba. Wogula aonetsetse nambala ya kulemera kumene tayala lingasenze, yomwe imalembedwa m'mbali mwake, ayesenso ngati silikhula thupi la galimoto pokhota katundu atadzaza. Tayala lapadera nalo likhale la msinkhu womwewo, chifukwa kuphatikiza lalikulu ndi laling'ono kumavutitsa difu.

Zonsezi zimagwiranso ntchito m'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene zitunda ndi mvula n'zofanana. Gulu la alimi likamakambirana zogula matayala a galimoto yawo, ndi bwino kuitana dalaivala ndi makaniko kumsonkhanowo, ndi kuika pamodzi mtengo wa matayala, wa klatchi ndi wa difu asanagwirizane chochita. Pikapu ya mlimi imayesedwa pachitunda chotsetsereka koposa cha m'njira yake, m'mwezi wa Januwale, itanyamula masamba oyenera kufika pasikelo ya kufakitale akadali obiriwira.