Dotolo amene anagona m'ndende chifukwa cha mtsinje

Ndikamapita kwathu kufupi ndi Embangweni, ndimatsikira pa Jenda. Kale m'mbali mwa msewu wa M1 munkandilandira tomato ndi mbatata. Masiku ano palinso matumba a makala, ndipo mwa matumbawo ena ndi a malume anga.

Malume anayamba kuotcha makala fodya atawagwetsa mphwayi. Ndinawadandaulirapo kuti kamtsinje kamene tinkasambamo tili ana tsopano kamaphwa mvula ikangotha. Anandiyankha mosapsatira: "Mphwanga, fizi ya ana sidikira kuti mtengo ukule."

Tinali titakhala pansi pa mitengo ya bulugamu imene agogo anabzala kuseri kwa nyumba. Ambiri timauyesa mtengo wakwathu, koma bulugamu kwawo ndi ku Australia, ndipo maluwa a mtundu wina wake ndiwo chizindikiro cha chigawo cha Tasmania. Tsiku limenelo ndinawafotokozera malume za wandale wina wa kumeneko, Bob Brown.

Brown anabadwa mu 1944 ndipo anaphunzira udotolo. Mu 1972 anasamukira ku Tasmania, chilumba cha kummwera kwa Australia chimene chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo. Mu 1976 anayenda pa kabwato mumtsinje wa Franklin, womwe umadutsa m'nkhalango yowirira. Boma la chigawocho litafuna kumanga damu lamagetsi lomwe likanamiza mbali ya nkhalangoyo, dotoloyu anasiya za chipatala n'kutsogolera bungwe la Tasmanian Wilderness Society pokana ntchitoyo.

Mu Disembala 1982 anthu anayamba kutsekereza ntchito yomanga damulo, osamenya munthu. Oposa 1,000 anamangidwa. Brown anagona masiku 19 m'ndende ya Risdon. Atangotuluka mu Januwale 1983 anakhala phungu wa dera la Denison, kulowa m'malo mwa phungu wina amene anatula pansi udindo. Pa 1 Julayi chaka chomwecho khoti lalikulu la Australia linagamula, majaji 4 kwa 3, kuti boma la dziko lonse lili ndi mphamvu yoletsa damulo. Mtsinje wa Franklin ukuyendabe mpaka lero.

Brown anakhala phungu wa Tasmania zaka 10, kenako seneta kuyambira 1996 mpaka 2012, ndipo anatsogolerapo chipani cha Australian Greens. Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi china. Mu 1990 atalandira mphotho ya Goldman, ndalamazo sanagulire galimoto. Anaperekera chikole cha malo awiri a nkhalango ku Liffey amene mitengo yake ikanadulidwa. Pamenepo ndi pamene panayambira bungwe la Bush Heritage.

Malume anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa: "Nanga dotolo wakoyo ankaphikira chiyani?"

Ndinasowa chonena. Kwawoko magetsi anali kale m'nyumba za anthu, n'chifukwa chake akanatha kukana damu lina. Kuno kwathu n'zosiyana: tikufuna magetsi ndi gasi wotsika mtengo kuti mitengo ipume. Makala a malume saphikira kumudzi. Amathera pa mbaula za ife a m'tauni, ku Mzimba boma, Kasungu ndi Lilongwe. Ine amene ndimadandaula za kamtsinje ndimagulanso thumba mwezi uliwonse.

Choncho sindikunena kuti titengere zonse za ku Tasmania. Chimene ndikusirira ndi mtundu wa munthuyo: wandale amene analolera kudedwa ndi anthu ofuna ntchito pa damu, kutsekeredwa ndi kutaya ndalama zake chifukwa cha chinthu chosaponya voti.

Ife a ku Mzimba tikudziwa mtengo wa kusowa anthu otere. Nkhalango ya Chikangawa inali ndi mahekitala pafupifupi 53,000 a mitengo yobzala, makamaka paini, ndipo inkatchulidwa pakati pa nkhalango zobzala zazikulu mu Africa. Aliyense wodutsa pa msewu wopita ku Mzuzu waona mapiri amene anatsala zitsa zokhazokha chifukwa cha macheka ndi moto. Nkhalango ya Perekezi, pafupi ndi boma, nayo ikudyedwa ndi makala.

Malamulo alipo. Mu 2020 aphungu anakhwimitsa zilango m'lamulo la nkhalango, ndipo a Werani Chilenga a ku Chitipa, pamene anali wapampando wa komiti ya zachilengedwe ku Nyumba ya Malamulo, ankalankhula molimba pa nkhanizi. Koma pa misonkhano ya kampeni imene ine ndafikapo kwathu, ndamva za mijigo, milatho ndi mabokosi a maliro. Za mitengo sindinamvepo. Ofuna mavoti amadziwa kuti m'khamulo muli anthu ngati malume anga, ndipo ifenso sitifunsa.

Madzulo ndikutsanzika, malume anandiperekeza mpaka pa kamtsinje kaja. Panali mchenga wokhawokha ndi mikuyu iwiri imene nkhwangwa inailambalala.

"Iyi sindiikhudza," anatero. "Ukamabwera mu Disembala, m'malo mwa shuga ubweretse mbande. Koma fizi ya temu yachiwiri uganizireponso, mphwanga."

Ndavomera zonse ziwiri.