Matayala a pa intaneti ndi a m'sitolo: zimene eni magalimoto ku Kafue Estates ayenera kudziwa

KAFUE – Eni magalimoto ambiri ku Kafue Estates tsopano amayamba kufunafuna matayala pa lamya ya m'manja asanapite ku sitolo. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali amalonda, maka-maka a mu Lusaka, amene amaonetsa zithunzi ndi mitengo, nalandira ndalama kupyolera mu Airtel Money kapena MTN MoMo. Kawiri-kawiri mtengo wao umaoneka wotsika poyerekeza ndi wa m'masitolo a mu Kafue. Koma mtengo wolembedwa pansi pa cithunzi suphatikiza zonse zimene munthu adzalipira tayala lisanayambe kuyenda pa mseu.

Komboni ya Kafue Estates inamangidwira anthu ogwira nchito m'mafakitale monga Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles. Lero ambiri okhala kumeneko amagwira nchito mu Lusaka, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 45, ndipo amayenda mseu wa T2 m'mawa ndi madzulo pakati pa malole opita ku Chirundu ndi ku Livingstone. Pa mseu wotere, tayala likaphulika galimoto iri pa liwiro, ngozi yake imakhudza ndi ena omwe.

Matayala ambiri ogulitsidwa m'dziko lino ndi ocokera kunja, monga ku China, ku South Africa ndi ku India. Fakitale ya Dunlop imene inali kuwapanga ku Ndola inaleka nchitoyo kale. Motero wa m'sitolo ndi wa pa intaneti nthawi zambiri amapikula kumalo amodzi-modzi. Kusiyana kuli pa lendi ya sitolo, malipiro a anchito ndi makina oikira matayala, zimene wa pa intaneti mwina alibe.

Munthu wogula pa intaneti ayenera kuonjeza ndalama yonyamulira matayala kucoka ku Lusaka, kapena mafuta okawatengera yekha. Akafika nao ku Kafue adzalipira wowaika pa limu, ndipo tayala latsopano liri lonse limafuna valavu yatsopano ndi wheel balancing kuti ciongolero cisamanjenjemere galimoto ikathamanga. Ngati matayala akale anadyeka mbali imodzi, pafunikanso wheel alignment, apo ayi atsopanowo adzadyeka cimodzi-modzi m'miyezi yocepa. Masitolo ambiri amaphatikiza nchito yoika pa mtengo wa tayala, kapena amacotsako pang'ono, kwa munthu amene wagula kwa iwo. Wobwera ndi matayala ace amalipira zonse payekha. Amene aitanitsa kucokera kunja kwa dziko amakumananso ndi msonkho wa pa malire wa bungwe la ZRA, pamodzi ndi VAT ya 16 peresenti.

Vuto lalikulu limabuka tayala likatupa kapena kung'ambika m'mbali patangopita masiku ocepa. Wogulitsa amati analiononga ndi amene analiika, woika nayenso amati linabwera loonongeka kale, ndipo mwini galimoto amasowa womugwira. Ngati wogulitsa ndi woika ali munthu mmodzi, mkangano wotere sukhalapo. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la mu 2010 limaletsa amalonda kulemba kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ndipo limalola wogula kukadandaula ku bungwe la CCPC akagulitsidwa katundu woonongeka. Lamuloli limakhudza onse, a m'sitolo ndi a pa intaneti. Komabe dandaulo limayenda bwino pamene pali lisiti ndiponso malo odziwika a wamalonda. Nambala ya lamya yokha ingazimitsidwe tsiku liri lonse.

Cinthu cimene cimaphophonyedwa kwambiri pogula osaona ndi saizi. M'mbali mwa tayala liri lonse muli manambala, mwacitsanzo 185/65 R15 88H. Nambala ya 185 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. 65 itanthauza kuti msinkhu wa m'mbali ndi 65 peresenti ya kutambalalako. 15 ndi kukula kwa limu m'mainchi. Nambala ya 88 ionetsa kuti tayala limodzi linganyamule makilogalamu 560, ndipo H aonetsa liwiro limene lingapirire, kufika makilomita 210 pa ola. Saizi yoyenera galimoto imalembedwa pa kapepala komata pa mphuthu ya citseko ca dalaivala. Ndi bwino kutsata kapepalako, pakuti matayala amene ali pa galimoto angakhale anaikidwa molakwika ndi mwini wakale.

Palinso msinkhu wa tayala. Pambuyo pa malembo a DOT pali manambala anai omalizira: 2319 itanthauza sabata ya 23 m'caka ca 2019. Mphira umauma ndi kucita ming'alu ngakhale tayala lisanayendepo. Makampani ena opanga magalimoto amalangiza kusintha matayala akakwanitsa zaka 6, ndipo opanga matayala ambiri amati asapitirire zaka 10. Tayala lotsika mtengo modabwitsa lingakhale lakhala zaka m'nyumba yosungiramo katundu. M'sitolo munthu amawerenga manambalawa ndi maso ace. Pa intaneti ayenera kupempha cithunzi cao asanatumize ndalama, nawaonanso katundu akafika.

Matayala a salaula ali ndi zobvuta zao. Magalimoto ogwiritsidwa kale nchito ocokera ku Japan, monga Toyota Vitz ndi Allion, nthawi zina amafika ndi matayala a m'cisanu, olembedwa STUDLESS kapena okhala ndi cizindikiro ca phiri. Pa cithunzi amaoneka okhuthala bwino, koma mphira wao ndi wofewa, ndipo pa tara yotentha ya mu October amadyeka msanga, mabuleki nawonso sagwira monga afunikira. Bungwe la ZCSA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2017, ndilo limayang'anira katundu woyenera kutsata miyezo yokakamiza, ndipo matayala ali m'gulu limenelo. Bungwe la RTSA nalo limaona matayala poyesa ngati galimoto iri yoyenera kuyenda pa mseu.

Pali nthawi pamene intaneti imathandizadi. Saizi zosowa, monga za magalimoto ena a ku Ulaya, sizipezeka msanga mu Kafue, ndipo kuona mitengo ya masitolo angapo a mu Lusaka kumapatsa munthu mphamvu potsitsa mtengo pafupi ndi kwao. Ena amafunsa mtengo pa lamya, nakalipira pa sitolo pomwepo pamene matayala aikidwa.

Pa tsiku loika, mwini galimoto ayenera kukhalapo. Matayala okhala ndi mubvi m'mbali amazungulira mbali imodzi cabe. Ngati wagula awiri okha, opanga matayala amalangiza kuwaika kumbuyo kuti galimoto isaterereke pa mseu wonyowa. Mpweya upimidwe matayala ali ozizira, ndipo manati amangidwenso pambuyo poyenda makilomita pafupi-fupi 50, mtunda wonga wocoka ku Kafue kufika mu Lusaka.