Kutupa kwa mfundo: bwenzi komanso mdani wa mankhwala atsopano a akavalo

Alimi anzanga, sabata ino ndikutengerani kutali pang'ono ndi makola athu. Ku England, ku America ndi kwina, kavalo wa mpikisano akavulala mfundo ya mwendo, madotolo ena a ziweto amamubaya maselo otchedwa stem cells. Awa ndi maselo osakhwima, amene angathe kusanduka fupa, mafuta kapena chicherewecherewe, chija choterera chokuta nsonga za mafupa pa mfundo. Amawatenga m'kati mwa fupa la pachifuwa kapena m'mafuta a pafupi ndi mchira, n'kuwachulukitsa mu labotale kwa milungu ingapo.

Njirayi inayamba kumveka mu 2003 pamene Roger Smith ndi anzake a ku Royal Veterinary College anaiyesa pa mtsempha wa mwendo wa kavalo. Mu 2019 mayiko a European Union analoleza Arti-Cell Forte, mankhwala a maselo ochokera m'magazi a kavalo wina, othandiza kutsimphina kobwera ndi kutupa kwa mfundo kopanda tizilombo.

Poyamba anthu ankaganiza kuti maselowa akalowa amasanduka chicherewecherewe chatsopano, monga chigamba pa thumba long'ambika. Si choncho kwenikweni. Ambiri sakhalitsa m'mfundomo. Ntchito yawo yaikulu ndi kutulutsa timadzi toziziritsa kutupa ndi kuuza asilikali a m'thupi kuti achepetse ukali.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Maselowa sagwira ntchitoyi mwamphamvu popanda chowadzutsa, ndipo chowadzutsacho ndi kutupa komweko. Mfundo ikavulala, thupi limatulutsa timadzi ta uthenga monga interferon gamma ndi TNF. Maselo aja akamva uthengawu ndi pamene amayamba kupanga zoziziritsa zambiri, monga prostaglandin E2. Ndi chifukwa chake akatswiri ena, monga a ku yunivesite ya Zaragoza ku Spain, ayesapo kuwadzutsiratu mu labotale asanawabaye.

Koma mvula imene imameretsa mbewu ndi yomweyo imakokolola munda. Kutupa kukanyanya, timadzi tina monga interleukin-1 timalepheretsa maselo kupanga chicherewecherewe, pomwe chakalecho chikunka chinyenyeka. Palinso vuto lina limene kwa ine ndi lalikulu kuposa onse. Interferon gamma imachititsa maselo kuonetsa zizindikiro zawo poyera. Ngati anachokera kwa kavalo wina, thupi la wodwala limawazindikira kuti ndi alendo n'kuyamba kuwapha, ndipo jekeseni wachiwiri angathe kupeza chitetezo cha m'thupi chili chire. Akavalo ena amatupa mfundo kwa masiku angapo akangobayidwa.

Choncho dotolo wanzeru amayang'ana nthawi. Pa mtsempha wovulala, ambiri amadikira kuti kutentha kwa masiku oyamba kutsike, kavalo akupuma ndi kuthiridwa madzi ozizira, koma sachedwa mpaka chipsera chitauma. Mwamwayi, milungu yochulukitsira maselo ija imagwera m'nthawi yomweyo.

Amasamalanso zosakaniza. Kafukufuku wa mu labotale anaonetsa kuti gentamicin ndi amikacin, mankhwala opha tizilombo amene amabayidwa m'mfundo, amapha maselowa akawaika pamodzi. Mankhwala ena ochepetsa kutupa a gulu la steroid nawonso amawafooketsa.

Ndinene mosabisa kuti njirayi ndi yodula, ndipo mfundo imene inatha kale siibwezera mwakale. Komanso kutupa konse si kumodzi. Mfundo yotentha kwambiri, yokhala ndi mafinya, mwina chifukwa cha bala la msomali kapena waya, ndiye kuti mwalowa tizilombo. Pamenepo maselo a m'botolo si yankho loyamba, kaya ndi kavalo wa ku Newmarket kapena bulu wokoka ngolo kwathu kuno. Mfundo yotere imafuna dotolo wa ziweto tsiku lomwelo kuti aitsuke ndi kupereka mankhwala opha tizilombo.