Kupha Zilombo Kuti Nyama Zichuluke: Kaibab ndi Klinse-Za

Nyama zodya msipu zikayamba kuchepa m'tchire, anthu amathamangira kuloza chala zilombo zomwe zimazidya. Amati tikachepetsa mimbulu ndi mikango, agwape achuluka okha. Ku North America ganizo limeneli layesedwa kambirimbiri, ndipo pali malo awiri omwe ndi ofunika kuwaika pamodzi. Oyamba ndi chitunda cha Kaibab ku Arizona, m'dziko la United States, komwe ntchitoyi inachitika zaka zoposa 100 zapitazo. Achiwiri ndi mapiri a Klinse-Za ku British Columbia, m'dziko la Canada, komwe ikuchitikabe mpaka lero.

Kaibab ili kumpoto kwa chigwa chozama cha Grand Canyon. Kum'mwera kwake kuli phompho, mbali zinazo kuli malo ouma, choncho agwape a makutu aatali a kumeneko, otchedwa mule deer, alibe kolowera chakudya chikatha. Mu 1906 Pulezidenti Theodore Roosevelt analamula kuti derali likhale losungirako nyama. Kusaka agwape kunaletsedwa, ndipo alenje a boma anayamba kupha zilombo. Pofika 1931 anali atapha mikango ya m'mapiri yotchedwa puma yoposa 700, nkhandwe za mtundu wa coyote masauzande angapo, komanso mimbulu yochepa yomwe inali itatsala. Agwape, omwe poyamba ankati alipo pafupifupi 4,000, anaswana mofulumira. Mu 1924 ena ankati afika 100,000, pamene ena ankatchula chiwerengero chosafika ndi theka lomwe.

Ngakhale ankasiyana pa ziwerengero, onse ankaona mmene tchire linalili. Zitsamba zinadyedwa mpaka kutsinde, ndipo mitengo inalibe tsamba kuyambira pansi kufika pomwe gwape angalekeze ataima ndi miyendo yakumbuyo. Mu Disembala 1924 munthu wina dzina lake George McCormick anasonkhanitsa anthu oposa 100, atanyamula mabelu ndi zitini, kuti akuse agwape kuwolokera kutsidya kwa Grand Canyon. Agwapewo anangobalalika. M'nyengo zozizira ziwiri zotsatizana, masauzande ambiri anafa ndi njala. Nthambi ya boma yoyang'anira nkhalango itafuna kuwombera ena kuti msipu upume, bwanamkubwa wa Arizona George Hunt anakaniza, ndipo mlandu unathera ku khoti lalikulu la dzikolo, lomwe mu 1928 linagamula mokomera nthambiyo.

Ku Klinse-Za nkhani inayambira pa kutha kwa nyama. Caribou ndi nyama ya m'gulu la agwape, ya nyanga zanthambinthambi, yomwe m'nyengo yozizira imadalira ndere zomera pansi ndi pamitengo ya m'nkhalango zakalekale. Anthu a mitundu ya West Moberly ndi Saulteau, eni nthaka a deralo, ankadya nyama imeneyi kuyambira makolo awo. Damu la W.A.C. Bennett litamangidwa m'ma 1960, madzi anamiza zigwa ndi kudula njira zomwe caribou zinkadutsa, kenaka kunabwera odula mitengo ya matabwa, migodi ya malasha ndi ofufuza gasi. A West Moberly anasiya okha kusaka caribou m'ma 1970, komabe nyamazo zinapitirira kutha. Gulu la Klinse-Za, lomwe linali ndi nyama pafupifupi 250 m'ma 1990, linatsala ndi 38 mu 2013.

Mitundu iwiriyi inachita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Alenje awo anayamba kutchera ndi kupha mimbulu, ndipo kuyambira 2015 boma la British Columbia linawonjezera powombera mimbulu kuchokera mu helikopita. Kuyambira 2014, chaka chilichonse caribou zazikazi zabere zimagwidwa n'kuikidwa mu mpanda waukulu pamwamba pa phiri. Alonda a mitundu yomweyi amakhala pomwepo usana ndi usiku, n'kumazipatsa ndere zothyoledwa pamanja, mpaka ana atalimba miyendo, kenaka amazitsegulira. Pofika 2021 gululi linali ndi caribou 101.

Poyang'ana pamwamba, malo awiriwa akufanana. Konsekonse anthu analeka kusaka nyama yomwe ankafuna kuiteteza, anapha zilombo, ndipo nyamayo inachuluka. Kusiyana kumayambira pa funso loti chinkaletsa nyamayo kuchuluka n'chiyani.

Gwape wa ku Kaibab sanali pangozi yoti atha. Wamkazi wokhuta nthawi zambiri amaswa mapasa chaka ndi chaka, choncho alenje ndi mikango atachotsedwa, chomuimitsa chinatsala chimodzi, njala. Caribou imachedwa kuyamba kuswa, ndipo imaswa mwana mmodzi basi. Gulu la nyama 38 likataya zazikazi zowerengeka pachaka, silingathe kubwezeretsa. Caribou za ku Klinse-Za sizinkafa ndi njala. Zinkadyedwa msanga kuposa mmene zinkaswanirana.

Komatu mimbulu ndi caribou zakhala m'mapiri amenewa kwa zaka masauzande. Chinasintha ndi nkhalango. Kale caribou zinkapulumuka pokhala motalikirana, m'nkhalango zakale za pamwamba momwe mmbulu sunkapezamo chakudya chokwanira. Nkhalango yotere ikadulidwa, pamaphuka zitsamba zanthete zomwe zimakopa agwape ndi moose, chimphona cha m'gulu lomweli chomwe champhongo chake chimatha kupitirira makilogalamu 500. Nyama zimenezi zikachuluka, mimbulu nayo imachuluka, ndipo misewu ndi njira zowongoka zomwe ofufuza gasi amalambula zimaithandiza kuyenda msanga n'kufika komwe kale sinkafika. Mmbulu umakhuta ndi moose, caribou umangoipha ukakumana nayo. N'chifukwa chake caribou zikachepa, mimbulu sichepa nawo. Pafupi ndi Revelstoke, ku British Columbia komweko, boma linayesa njira ina mu 2003: linachulukitsa zilolezo zosakira moose. Moose zitachepa, mimbulu inachepanso, ndipo gulu lalikulu la caribou la Columbia North linasiya kutsika, ngakhale timagulu ting'onoting'ono ta pafupi tinapitirira kutha.

Umboni wa malo awiriwa nawo sufanana kulimba. Nkhani ya Kaibab inatchuka kudzera mwa katswiri wa zachilengedwe Aldo Leopold, ndipo kwa zaka zambiri mabuku a sukulu ankaigwiritsa ntchito pophunzitsa kuopsa kochotsa zilombo. Mu 1970 katswiri wina, Graeme Caughley, anatsutsa nkhaniyi. Anati ziwerengero za agwape zinali zongoyerekeza ndi maso, ndiponso kuti nkhosa ndi ng'ombe zambiri zomwe zinkalimbirana msipu ndi agwape zinali zitachotsedwa m'deralo, zomwe pazokha zikanachulukitsa agwape. Mu 2006 katswiri winanso, Dan Binkley, ndi anzake anayeza zaka za mitengo ya aspen ya ku Kaibab napeza kuti yomera m'ma 1920 ndi yochepa kwambiri, chizindikiro chakuti agwape anachulukadi n'kudya mphukira. Kuti pa kuchulukako mbali ya mikango inali yaikulu bwanji poyerekeza ndi ya ziweto, akatswiri amasiyanabe maganizo.

Ku Klinse-Za caribou zambiri zimavala zipangizo za m'khosi zosonyeza komwe zili, ndipo zimawerengedwa chaka ndi chaka. Ikafa, anthu amapita kukaona chaipha. Komabe mpanda ndi kupha mimbulu zinayamba pafupifupi nthawi imodzi, ndipo kafukufuku wa gululi anasonyeza kuti zonse ziwiri zinathandiza. Kwina komwe anadalira kupha mimbulu kokha, phindu linali locheperapo. Ku Little Smoky, m'chigawo cha Alberta, mimbulu yoposa 800 inaphedwa m'zaka zisanu ndi ziwiri kuyambira 2005, ndipo caribou zinangosiya kutsika osachuluka kwenikweni. Ku South Selkirk, pamalire a Canada ndi United States, kupha mimbulu kunayamba mu 2015 caribou zitatsala zosakwana 20, ndipo mu 2019 gululo linatheratu m'tchire.

Kusiyana kwakukulu kuli pa nthawi yolekera. Ku Kaibab akuluakulu anayenera kuleka msanga, koma anapitiriza kupha mikango ngakhale pamene agwape ankafa ndi njala, chifukwa panalibe amene anaikiratu malire a agwape omwe msipu ungadyetse. Ku Klinse-Za ambiri angakonde kuleka, pakuti ntchitoyi imadya ndalama zambiri ndipo anthu ochuluka ku Canada amadana ndi kuwombera mimbulu, koma kuleka n'kovuta. Mimbulu imaswa ana angapo nthawi imodzi, ina imabwera kuchokera m'madera oyandikana, moti pakangopita zaka zochepa imabwerera mwakale. Kuipha kuli ngati kukapa madzi m'bwato lobooka: ukaleka umamira, koma kukapako sikutseka chiboo. Pozindikira zimenezi, mu Febuluwale 2020 mitundu iwiriyi inasainirana pangano ndi maboma a Canada ndi British Columbia loteteza malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 8,000. Komabe nkhalango yodulidwa imafuna zaka makumi ambiri kuti ikhalenso yoyenera caribou.

Tikaika zonsezi pamodzi, kupha zilombo ku Kaibab kunalibe chifukwa chokwanira, pakuti agwape sankatha, ndipo kunathandizira kuwononga msipu womwe agwapewo ankadalira. Ku Klinse-Za chifukwa chilipo, pakuti popanda kuchepetsa mimbulu gululo likanatha monga linathera la Burnt Pine loyandikana nalo. Koma chifukwacho chidzakhala chomveka pokhapokha ngati zaka zomwe mfuti ikupulumutsa caribou zikugwiritsidwa ntchito kutseka misewu yakale ndi kulola nkhalango kukula. Boma lomwe likuwombera mimbulu uku likuperekabe zilolezo zodula mitengo m'malo a caribou lidzapitiriza kuwombera chaka chilichonse, ndipo tsiku lomwe lidzaleke, caribou zidzayambiranso kutha.